Galasi la pikapu lakana kukwera? Yambani mwamvetsera musanagule mota

[Chithunzi: chala chikudina batani, galasi laima pakati osasuntha]

Moni nonse. Lero tili pa chitseko cha pikapu. Galasi laima pakati, kukwera ayi, kutsika ayi. Zikatere ambiri amathamangira kukagula mota yatsopano, koma dikirani kaye. Kaya ndi Hilux, Ranger kapena D-Max, njira ya magetsi ndi imodzimodzi: mavoti 12 amachoka ku batire, amadutsa pa fyuzi, amafika pa swichi, kenako pa mota. Motayo ndi imene imayendetsa chitsulo chonyamula galasi, chija amakaniko amati regulator. Paliponse m'njiramu pangathe kuduka.

Tembenuzani kiyi koma injini musailize, muyese magalasi onse. Ngati onse afa, pitani ku bokosi la mafyuzi; pachivundikiro pake amasonyeza fyuzi ya magalasi. Ikakhala kuti yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, ya 30 ilowe ya 30. Zopiringiza kawaya m'malo mwa fyuzi zija ndi zimene zimayatsa magalimoto. Muonenso kabatani kolokera magalasi enawo pa chitseko cha dalaiva. Kamadinika ndi chigongono mwiniwake osadziwa.

Ngati lafa ndi galasi limodzi lokha, apa ndiye khutu ligwire ntchito. Zimitsani wailesi, yatsani getsi la kudenga, dinani batani n'kutchera khutu pachitseko.

[Kamera ili pafupi ndi chitseko, mota ikumveka kulira]

Mwamva? Mota ikuzungulira koma galasi silikusuntha, pena mkatimo mukumveka kukukuta. Mota imeneyi ndi yamoyo, musaitaye. Chafa ndi regulator: chingwe chake chachitsulo chaduka kapena chapotana pa gudumu, mwinanso kapulasitiki kogwira galasi kasweka. Galasi loti mukhoza kulikweza ndi manja lenilo n'kugweranso pansi, nkhani yake ndi yomweyi.

Nanga kukakhala chete? Yang'anani getsi lija. Likamazilala pang'ono mukadina batani, ndiye kuti magetsi akufika ndipo mota ikulimbana, kungoti yamangika kapena galasi lakanirira m'malabala ake. Likapanda kusintha ngakhale pang'ono, kaikirani swichi, waya, kapena makala a mkati mwa mota, tizidutswa ta kaboni topatsira magetsi ku mbali yozungulira, amene atha. Galasi la wokwera liyeseni pa maswichi onse awiri, ya pachitseko chake ndi ya dalaiva. Likayenda ndi imodzi, mwaipeza yolakwa.

Pali kanzeru kena ka makala otha. Gwirani batani chokweza osalisiya, dzanja linalo limenye ndi chikhatho pakati pa chitseko. Galasi likadzidzimuka n'kuyamba kuyenda, likwezeni mpaka pamwamba ndipo mulisiye pomwepo. Simunakonze, mwangopeza mpata woti mvula ndi akuba asalowe usiku uno.

Malo amene ine ndimawakayikira kwambiri pa pikapu ndi apa, pa kachubu kalabala kolumikiza chitseko ndi thupi la galimoto. Mawaya onse a chitseko amadutsa mmenemu. Pikapu ndi galimoto yantchito, chitseko cha dalaiva sichipuma, ndipo chikatseguka kapena kutsekeka mawaya amapindika malo amodzimodzi, mpaka kopa amadukira mkati chikopa chakunja chikuoneka bwinobwino. Gwirani batani, muyendetse chitseko pang'onopang'ono. Galasi likagwedezeka chitseko chili pena pake, sendani chubucho muzikoka waya mmodzimmodzi. Woduka amatanuka ngati legeni.

[Kuchotsa khava ya chitseko]

Tsopano titsegule. Masikuluwu amabisala kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa poika mkono, nthawi zambiri pansi pa tizivundikiro. Mukamasula, lowetsani chopanira chapulasitiki m'munsi, timakilipi tizituluka kamodzikamodzi, kenako nyamulani khavayo chokweza. Pulasitiki yomatidwa kuseriyi muimatule bwino, musaing'ambe. Ndi imene imatchinga madzi olowera pagalasi kuti asanyowetse khava ndi maswichi.

Zulani pulagi ya mota, muikepo multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa mawaya ake awiri. Mukadina chokweza iwerenge pafupifupi 12, mukadina chotsitsa iwerenge 12 yomweyo koma ya mainasi, chifukwa swichi imangotembenuza magetsi kuti mota ibwerere m'mbuyo. Zonse ziwiri zikaoneka koma mota ili duu, pamenepo ndiye kagulenidi mota. Pulagi ikakhala ya mawaya asanu kapena asanu ndi mmodzi, monga zimakhalira pa galasi lokwera lokha mukangodina kamodzi, musalumikize batire mwachisawawa, mungaotche sensa ya mkati.

Musanalowetse dzanja m'chitseko, chotsani kiyi ndi kuzula waya wa mainasi pa batire. Galasi likwezeni ndi manja, mulimate ndi tepi yolimba yodutsa pamwamba pa felemu. Chenjerani ndi regulator ya mikono yopingasa ngati sizasi: ina imakhala ndi sipuling'i yamphamvu, ndipo mukamasula mota musanaimange, mkonowo umafwanthuka n'kuphwanya zala. Ya chingwe ilibe zimenezo, koma ndi bwino kuisintha yonse yathunthu m'malo molimbana ndi kukulunga chingwe chatsopano. Mabawuti ake kawirikawiri ndi a sipanala 10.

Musanabwezere khava, pukutani ngalande za labala mmene galasi limayenda. Fumbi louma mmenemo ndi limene limalemetsa galasi mpaka mota kutopa. Poperani silicone, osati girisi kapena oyilo wa injini, chifukwa amafufumitsa labala n'kumatanso fumbi.

Mukabwezera batire, galasi lokwera lokha lija limatha kuiwala malire ake. Pa magalimoto ambiri mumalitsitsa mpaka pansi, n'kulikweza mpaka litatsekeka, kenako n'kugwirabe batani chokweza kwa masekondi angapo. Mukatero dinani kamodzi, likwere lokha mpaka pamwamba, ndiye mubwezere khava.