Makalata a omvera: pikicha ya ku Kamwala ndi mawondo a atate a ku Chawama

Tiyambe ndi kalata ya ku Matero, amayi awa akuti tisatchule dzina, chabwino amayi sititchula. Alemba kuti: "Achimwene, ndinagula pikicha ku Kamwala ya Yesu atagwada patsinde pa mwala kuwala kukutsika kumwamba, ndinaikoloweka pabalaza, manje apongozi anga abwera kuchokera ku Chipata akuti ndi yabodza chifukwa Yesu anagwa chafufumimba osati kugwada mwaudongo ngati ali ku studio. Akunena zoona ndani?"

Amayi pikichayo musaitsitse ndipo apongozi musalimbane nawo, aliyense ali ndi vesi yake. Mateyu 26:39 akuti anagwa nkhope pansi, apongozi aima pamenepo, koma Luka 22:41 akuti anagwada napemphera. Momwe mwaifotokozera ikumveka ngati kope la ija anajambula Heinrich Hofmann wa ku Germany mu 1890, yeniyeniyo ili ku Riverside Church ku New York, yazungulira m'makalenda dziko lonse. Koma pang'ono ndili mbali ya apongozi, Luka yemweyo akuti thukuta lake linali ngati madontho a magazi, pomwe pa pikicha paja nkhope ili phee tsitsi lopesa bwinobwino, munthu woti amangidwa usiku womwewo saoneka choncho ayi.

Ina yachokera ku Chawama: "Mwanawe, ndili ndi zaka 74, mawondo anakana kalekale. Ndikaona zithunzi za oyera mtima onse ali chogwada, ine ndimapemphera nditakhala pa benchi, mtima umandiuza kuti ndikuchita mwano. Kwathu ngakhale madzi sitipereka kwa wamkulu chiimire."

Atate, mawu omalizawo ndawamva, ifenso tinakula tikukalipidwa tikayankha akulu tili chilili. Koma mudabwa kumva kuti zithunzi zakale kwambiri za Akhristu, zija zili m'manda a pansi pa nthaka ku Rome, zimaonetsa munthu wopemphera ataima, manja atatambasula uku ndi uku zikhatho m'mwamba. Ndipo mabishopu atakumana ku Nicaea mu 325 anachita kulamula kuti Lamulungu komanso masiku a pakati pa Pasaka ndi Pentekoste anthu asagwade, azipemphera ataima pokondwerera kuuka kwa Ambuye. Kugwada kunalipo inde, Danieli ankagwada katatu patsiku, Stefano anagwada akumugenda miyala, koma kumeneku kophatikiza zikhatho pachifuwa kunafala mochedwa ku Ulaya, ndipo ambiri odziwa mbiri amati kunatengera mwambo wa munthu wogwada pamaso pa mfumu n'kuika manja ake m'manja mwa mfumuyo polumbira kuti ndine wanu. Manja awiri aja mumawaona pa mapulogalamu a maliro ndi pa ziliza anawajambula Albrecht Dürer cha m'ma 1508, ankangoyeserera manja a mtumwi wogwada woti amuike pa chithunzi chachikulu cha paguwa, chachikulucho chinapsa ndi moto mu 1729 kapepala koyesererako n'kutsala, kali ku Vienna mpaka lero.

Enanso ogwada m'zithunzimo si oyera mtima konse atate, ndi anthu a ndalama omwe analipira wojambula n'kumuuza kuti undiikemo. Pali nduna ina, Nicolas Rolin, Jan van Eyck anaijambula itagwada moyang'anizana ndi Maria itavala chovala chodula chagolide, msinkhu wofanana ndi Mariayo, ndi zomwe zija munthu amapereka matumba a simenti ku tchalitchi kenako n'kufuna dzina lake pakhoma.

Ndiye khalani pa benchi yanuyo muzipemphera, Mfumu Davide naye pa 2 Samueli 7:18 analowa n'kukhala pansi pamaso pa Yehova n'kuyamba kulankhula. Mawondowo okha muwauze adzukulu akuperekezeni ku kiliniki akawaone.