Achimwene, malata kaye, za 2030 zidikire

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Achimwene, alamu, moni nonse. Kuno ku Johannesburg tili bwino. Uthengawu utalikirapo pang'ono, ndiye wina awayikire Amayi foni pafupi, amve okha, asachite kuuzidwa.

Ndalama ija ndatumiza pa Mukuru, uthenga wake ufika pa foni ya achimwene. Ndi ya malata, misomali ndi mmisiri, monga tinapanganira. Tsono ndamvetsera zimene munanena zija, achimwene. Mukuti ndalamayi tiyambe taipatutsa, mugule makina osindikizira ma T-shirt ndi belo la malaya, chifukwa mkulu wina wa ku Limbe wakutsinani khutu kuti Adadi, a Peter Mutharika, adzayimanso mu 2030, ndipo wofuna kudya nawo ayambiretu kusindikiza nkhope yawo zinthu zisanakwere mtengo. Alamu nawonso akuti ayi, amene abwerere ndi a Chakwera, musindikize za tambala wakuda. Ha! Nyumba imodzi, makandideti awiri, denga likudontha.

Sindikukana kuti pa kampeni pamayenda ndalama. Zimayenda, tonse timaziona. Chimene ndikukana n'choti tiyike ndalama ya denga pa nkhope ya munthu amene ngakhale chipani chake sichinamusankhe. Nkhani yoti uje adzayimanso siithera mu minibasi ya ku Ndirande kapena pa bawo. Imathera ku msonkhano waukulu wa chipani, ku MEC, ndipo nthawi zina ku khothi, ndipo konseko amayankha mochedwa kwambiri.

Amayi, inu mukukumbuka za Atcheya. A Bakili Muluzi analamula kuyambira 1994 mpaka 2004. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 83, amati pulezidenti asapyole materemu awiri otsatizana. Mu Julayi 2002 anthu awo anapita ndi bilu ku Nyumba ya Malamulo yofuna kuchotsa malire amenewa, ija inkatchedwa open term ija. Inagwa, itaperewera mavoti atatu okha. Anayesanso ya third term, mipingo ndi mabungwe anakana, anthu anayenda m'misewu ya Blantyre yomweyo, nayonso inafera m'mazira. Basi, anabweretsa a Bingu. Koma nkhani sinathere pomwepo. Atayambana ndi a Bingu, Atcheya anati abwereranso mu 2009, ndipo maloya awo anali ndi mfundo yomveka ndithu. Iwo ankati lamulo likuletsa materemu opyola awiri otsatizana, koma munthuyu wapumulapo zaka zisanu, ndiye ayambirenso. UDF inawasankha, misonkhano inkachitika, nsalu zachikasu za nkhope yawo zinadzaza tauni yonse. Aliyense wa ku Kapoloma mpaka ku BCA ankadziwa kuti Atcheya akuyima.

MEC inawakana mu Malichi 2009. Anapita ku khothi, ndipo khothi linagamula pa 16 Meyi kuti sangayime. Chisankho chinali pa 19 Meyi. Masiku atatu, achimwene. Munthu amene anatenga ngongole n'kusindikiza nkhope ya Atcheya anagona ali ndi katundu, n'kudzuka ali ndi zigamba, popeza a UDF anauzidwa kuti avotere a John Tembo a Kongeresi. Amayi, nsalu yachikasu ija mumavindikirira dengu la ufa, ija yofwifwa ija yoti nkhope yake simaonekanso bwino, si ya nthawi imeneyo? Inu munangolandira ulere. Koma alipo amene anailipirira.

Ndiye tibwere kwa Adadi. A Peter Mutharika anawina mu 2014, analamula teremu yathunthu. Chisankho cha 2019, cha Tipp-Ex chija, khothi linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni a Chakwera anawina. Adadi anakakhala ku Mangochi, n'kubwereranso pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo analumbira pa Kamuzu Stadium pa 4 Okutobala. Tsono pamenepa maloya angakangane mpaka kucha. Wina anena kuti materemu awo si otsatizana chifukwa pakati panalowa a Chakwera, ndiye lamulo silinawatseke. Wina anena kuti cholinga cha lamulolo, monga khothi linaonetsera pa nkhani ya Atcheya, n'choti munthu mmodzi asamangobwerabwera pa mpando, ndipo iyi ndi teremu yawo yachiwiri. Wodula mlandu wotere ndi khothi, ndipo khothi siliyankha mphekesera. Limadikira kuti munthu apereke zikalata, wina akane kapena asume. Kutanthauza kuti ngakhale iwo eni atafuna, yankho lenileni lingadzabwere mu 2030 momwemo, kampeni ili mkati.

Palinso za msinkhu. Adadi anabadwa mu Julayi 1940, ndiye pofika chisankho cha 2030 adzakhala ndi zaka 90. Lamulo limangoti woyima akhale wa zaka zosachepera 35, za ukalamba silinena kanthu, ndipo Kamuzu anayima mu 1994 ali gogo weniweni. Mukandifunsa ine, ndikuona ngati sadzayima, ndipo nkhondo yeniyeni idzakhala ya amene akufuna kulowa m'malo mwawo mu DPP. Koma awa ndi maganizo anga chabe, ndipo sindingagulire ngakhale msomali umodzi pa maganizo amenewa, chifukwa anthu odziwa ndale kuposa ine anagwa nawo kale masamu omwewa.

Taonani zimene zinachitika 2020 itatha. Akuluakulu ambiri a DPP anawerenga kuti mdala wapuma, n'kuyamba kudzikonzera njira. A Kondwani Nankhumwa, amene anali mtsogoleri wa mbali yotsutsa m'Nyumba ya Malamulo, anakokanakokana ndi chipani mpaka anachotsedwa mu Januwale 2024, n'kukayambitsa PDP. A Dalitso Kabambe, amene anali gavanala wa Reserve Bank, anatuluka n'kupita ku UTM. Msonkhano waukulu wa DPP utachitika mu Ogasiti 2024 ku COMESA Hall, konko kwanu komweko, Adadi anadutsa opanda wopikisana naye. Anthu awa amadya nawo limodzi, amadziwa zokambidwa kuchipinda, koma anaphonya. Nanga mkulu wa ku Limbe uja akudziwa chiyani choposa iwo? Ndipo taonaninso nthawi yake: msonkhano umenewo unachitika kutangotsala chaka chimodzi ndi mwezi umodzi kuti anthu avote. MCP nayo inachita wake mwezi womwewo ku Lilongwe. Zikadzayenda chimodzimodzi, dzina la kandideti lidzamveka cha mu 2029. Inu mukufuna belo la malaya likhale pansi pa bedi zaka zonsezi, makoswe ndi chinyezi cha denga lodonthalo zikulipatsa moni.

Alamu, sindinakuiwaleni. A Chakwera analamula teremu imodzi, ndiye malamulo a dziko sakuwaletsa. Anabadwa mu 1955, mu 2030 adzakhala ndi zaka 75. Koma munthu amene wangoluza ali pa mpando, atapeza mavoti pafupifupi 33 pa 100 alionse pomwe mnzake anapyola 56, ayenera kaye kugwira mitima ya a Kongeresi anzake, ndipo m'chipani chimenecho ofuna mpandowo sasowa. Angabwerere, ee, Adadi atisonyeza kuti woluza amabwerera. Angathenso kupuma.

Ngakhale munthu atapereka zikalata ku MEC, sizinathe. Mayi Joyce Banda anapereka zawo mu 2019, patangopita milungu yochepa n'kulengeza kuti asiya, athandiza a Chakwera. Mu 2025 anayimanso. Ndipo chibwerereni lamulo loti wowina apeze mavoti opyola theka, lija timati 50+1 lija, zipani zimakonda kugwirana manja kumapeto. Mu 2020 a Chilima, amene anthu ambiri anali atavala kale zofiira za nkhope yawo, anakhala wachiwiri kwa a Chakwera mu Tonse. Nkhope imene mwasindikiza lero mawa ikhoza kukhala yaing'ono pambali pa nkhope ya wina. Za ngozi ya ndege imene inatenga a Chilima pa 10 Juni 2024 ku Chikangawa sindikufuna kuzikamba, tonse zinatipweteka, komabe mukudziwa chimene ndikutanthauza. Zaka zinayi kapena zisanu n'zambiri pa moyo wa munthu.

Tsopano tikambe za bizinesi yeniyeniyo, chifukwa apa m'pamene ndikuopa kwambiri. Malaya a chipani ndani amagula ndi ndalama yake, achimwene? Inuyo munagulapo? Amagawidwa pa msonkhano, amaponyedwa kuchokera pa lole, anthu n'kumalimbirana. Amene amalipira ndi chipani kapena wofuna uphungu, ndipo maoda akuluakulu amapita kwa anthu awo, a mafakitale, ena amachita kuitanitsa kunja. Wa makina amodzi kuseri kwa nyumba ku Ndirande amalandira nyenyeswa, ndipo nyenyeswazo zimabwera ndi mawu amodzi omwewo: "Tasindikizani kaye, tikuonani zikatheka." Akaluza, foni yake siipezekanso. Akawina, mumakaima pa geti mlonda n'kumakuuzani kuti bwana ali ku Lilongwe. Ndiye ndikufunseni, mkulu wa ku Limbe uja waikapo zingati zake? Wakupatsani dipoziti? Walemba chilichonse papepala? Kapena makinawo akugulitsa ndi iye yemweyo? Mundiyankhe funso lomalizali, chifukwa ndikukayika.

Mwanenanso kuti kusunga ndalama n'kuluza chifukwa kwacha imagwa. Apo ndiye mwalasa. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo tonse tinaona mmene simenti ndi shuga zinathamangira. N'chifukwa chake sindikuti muisunge. Ndikuti isanduke malata sabata ino. Lata likakwera pa denga lakwera, kwacha igwe isagwe, awine wa buluu kapena wa tambala. Ine ndinaona pa vidiyo ija anatumiza ana: mabeseni atatu pabalaza, poto pakona pa kabati, matiresi a Amayi atayimikidwa kukhoma, khoma lakumvuma litachita mzere wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tonse tikukumbuka zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Khoma lonyowa chaka ndi chaka silichedwa kugonja. Ine kuno tulo sindilipeza bwino ndikamva kuti kwanu kwachita mitambo.

Za makinazo sindikuzitaya, mundimvetse. Dzanja lanu pa zojambula ndi labwino, aliyense amadziwa. Denga likatha, ndipatseni miyezi ingapo, tidzasonkherana, ndipo ndidzafunsa mitengo kuno chifukwa makina otere amapezeka m'mashopu a m'tauni muno, tione kotchipa ndi kuti mukaphatikiza basi ndi msonkho wa pa Mwanza. Koma tidzayambe ndi ntchito zosadikira chisankho. Makwaya amasindikiza malaya chaka chilichonse. Sukulu za mkaka ndi za pulaiveti zadzaza Ndirande, Chirimba ndi Machinjiri, zonse zimafuna baji pa yunifolomu. Pa chinkhoswe, pa ukwati, pomanga chiliza, masiku ano mabanja amavala zofanana. Matimu a mpira a m'makwalala nawo amafuna manambala kumsana. Amenewa amalipira pang'onopang'ono koma amalipira, ndipo mumawadziwa kumene amakhala. Ikadzafika 2030, makina adzakhala alipo kale, dzanja litazolowera. Wandale aliyense akadzabwera, wa mtundu uliwonse, mudzamusindikizire, koma theka la ndalama patsogolo, malaya abweretse yekha, ndipo katundu asatuluke pakhomo asanamalize kulipira. Musadzasindikizenso nkhope ya munthu popanda oda.

Chinanso, chonde, pakhomo pa Amayi musapachikepo mbendera ya chipani chilichonse. Kasitomala wa Kongeresi akaona buluu pa mtengo wa mango uja adutsa, wa DPP akaona tambala chimodzimodzi. Voti yanu ndi yanu, mukaponye kumene mtima wafuna. Ine kuno ngakhale kuvota sindivota, popeza ife a kunja mpaka titabwera kumudzi, ndiye sindikukopera aliyense anthu. Inu ndi alamu kanganani za Adadi ndi Abusa madzulo mukatha kudya, zimakometsa mudzi, bola osakhudza thumba.

Ndiye zichitike motere. Achimwene, ndalama mukatenga musagone nayo m'nyumba. Loweruka m'mawa mupite ndi mmisiri ku hadiweya, mufunse mashopu angapo ku Limbe ndi ku Ginnery Corner musanagule. Malata akhale a geji 28, asakunyengereni opyapyala aja oti mukawagwira amalira ngati chitini. Mmisiri ayambe wakwera aone mitengo ya denga, chifukwa ngati ina yafumbwa ndi chiswe tiyenera kusintha tisanakhome lata latsopano, ndipo ikapezeka yotero mundiuze msanga ndionjezere. Iye mumupatse theka poyamba, lotsala akamaliza. Alamu, inu mujambule malisiti onse munditumizire pa WhatsApp, si kuti ndikukayikira munthu ayi, ndikufuna ndidziwe potsala. Malata akale musataye, abwinoko afolere khitchini ndi bafa.

Amayi, mankhwala a BP aja ngati atsala pang'ono munene lero lomwe, ndiikepo kangachepe. Ndiyimbanso Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi. Achimwene, pofika nthawi imeneyo mukhale mutamufunsa mkulu uja ngati makinawo ndi ake.