Wekishopu ya tsiku limodzi ingathetse tsankho pa sekondale?

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za mapulogalamu aja amabwera m'masekondale, ophunzitsa ana kulemekezana ngakhale ali osiyana, komanso za utsogoleri. Mwina munakhalako: alendo afika, ana adzaza muholo, akamba za mtundu, khungu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali, kwa olemera ndi kwa osauka, manja wawawa, satifiketi, chithunzi, basi alendo apita. Mawa lake pa buleki aliyense wabwerera kukagulu kake komwe kaja, ndipo mwana uja amasekedwa kalankhulidwe wakhalanso yekha pakona. Ineyo mapulogalamuwa ndimawafuna kwambiri, nde tiyeni tione chimene chimasinthadi ana.

[Pa sikirini: Oklahoma, 1954]

Katswiri wina wa maganizo a anthu, Muzafer Sherif, anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kupita nawo kukampu ku Robbers Cave ku America. Anawa anali ofanana pafupifupi pa chilichonse, khungu limodzi, chipembedzo chimodzi, makolo opeza mofanana. Anawagawa pawiri, gulu lina linadzitcha Eagles lina Rattlers, kenako anayamba kuwapikisanitsa, mpira, kukoka chingwe, opambana mphoto. Masiku ochepa okha kutukwanizana kunayamba, kuotcherana mbendera, kukasokonezerana m'zipinda zogona. Taonani, chidani sichinadikire kuti pakhale kusiyana kwenikweni, kungoti "ife" ndi "iwo" basi chakwana.

Nde pano mpamene pali nkhani. Ofufuzawo anaganiza zowakhazika pamodzi, aonere kanema limodzi, adye limodzi. Zinakanika, m'chipinda chodyeramo anayamba kugendana ndi zakudya. Zinthu zinayamba kusintha madzi atasiya kutuluka pakampupo, anali ofufuza omwewo atatseka dala, ndipo magulu onse awiri anayenera kufufuza vuto limodzi chifukwa ludzu silisankha timu. Tsiku lina lole yokatenga chakudya inakana kulira, onse anagwira chingwe chimodzi kuikoka mpaka inalira. Pobwerera kwawo anapempha okha kukwera basi imodzi. Ndinenepo apa kuti anawa sanauzidwe kuti akufufuzidwa, ndipo zimenezo ine sindigwirizana nazo, koma zimene zinaoneka kumeneko n'zofunika.

Chaka chomwecho cha 1954 Gordon Allport, katswiri wa maganizo a anthu wa ku yunivesite ya Harvard ku America, anafotokoza kuti kukumana kwa anthu osiyana kumachepetsa tsankho bwino pakakhala zinthu izi: akumane ngati ofanana osati wina pamwamba wina pansi, akhale ndi cholinga chimodzi, achifikire mothandizana osati mopikisana, ndipo akuluakulu akhale kumbuyo kwawo. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anasonkhanitsa kafukufuku 515 ndipo anapeza kuti kukumanako kumathandizadi, makamaka zinthu zimenezi zikalipo.

Muholo muja ana amangomvera, palibe chimene akufuna kwa mnzawo wapambali.

[Pa sikirini: Austin, Texas, 1971]

M'kalasi zimatheka bwanji? Mumzinda wa Austin, ku America komweko, masukulu anali atangosakanizidwa kumene, ana oyera, akuda ndi ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi m'kalasi imodzi, ndipo ndewu zinali zosatha. Katswiri winanso wa maganizo a anthu, Elliot Aronson, ndi ophunzira ake a ku yunivesite anabweretsa njira yotchedwa jigsaw. Phunziro limadulidwa zidutswa, mwina zisanu kaya zisanu ndi chimodzi, mwana aliyense pagulu amapatsidwa chake chokha, akachidziwe bwino, kenako adzaphunzitse anzake, koma mayeso akubwera pa phunziro lonse. Ndiye ganizani, uja mumamuseka kuti amachita chibwibwi kapena chilankhulo cha m'kalasi chimamuvuta, ndi amene wasunga gawo lomwe inuyo mulibe, mukamuseka mwadzilakwitsa nokha mayeso, nde mumayamba kumufunsa modekha, "tabwerezanso pamene paja", ndipo pang'onopang'ono mumaona kuti mnzanuyu mutu ulipo. Anayambira ku pulayimale koma ku sekondale imagwiranso, ndipo sifuna ndalama, imangofuna mphunzitsi wokonzekera.

Tsopano za utsogoleri, apa ndi pamene masukulu ambiri amaphonya. Kukabwera pulogalamu, amene amasankhidwa ndi omwe aja, mapulifekiti, okhoza bwino, omvera aphunzitsi. Ndi ana abwino, sindikuwanyoza ayi. Koma funso ndi loti anzawo amatengera ndani? Kodi akanena kuti "aise zimenezo siya, sizoseketsa", kalasi imasiyadi?

[Pa sikirini: New Jersey, masukulu 56]

Elizabeth Levy Paluck wa ku yunivesite ya Princeton ku America ndi anzake anayesa zimenezi pa ana oposa 24,000, ocheperako pang'ono msinkhu poyerekeza ndi a sekondale, zotsatira zinatuluka mu 2016. Sanafunse ahedi kuti mwana wabwino ndi uti. Anafunsa ana eniake kuti masabata apitawa mwasankha kumacheza ndi ndani, ndipo mayina atawalumikiza zinaoneka kuti ndi ana ati amene maso a anzawo ali pa iwo. Theka la masukuluwo linalandira pulogalamu, kagulu kochepa ka ana kamakumana pafupipafupi, kutchula okha mavuto a pasukulu pawo m'mawu awoawo, kupanga mapositala, kulemba pa intaneti, kupereka tizibangili ta mtundu wa olenji kwa amene amuona akuletsa mkangano kapena kuchitira mnzake zabwino. M'chaka chimodzi milandu ya mikangano pakati pa ana inatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo inatsika kwambiri kumene m'kagulu muja munali ana ambiri otengeredwa aja. Ena mwa ana oterewa ndi aphokoso akumbuyo kwa kalasi, omwe mphunzitsi sangawaganizire n'komwe.

Nde ngati muli mu kalabu yotere, kaya ndinu patironi wake, yang'anani amene ali m'chipindamo. Ngati onse ndi a kagulu kamodzi mukungolankhulana nokhanokha. Pezani ntchito yeniyeni yoti ithe, sewero, nyuzi ya sukulu, kukonza polowera njinga ya olumala, yoti singatheke popanda aliyense, ndipo udindo uzizungulira, wamanyazi uja nayenso atsogolere zokambirana tsiku lake. Chonde musamaimitse mwana mmodzi kuti "tatiuza anthu akwanu amaganiza bwanji", ameneyo ndi mwana mmodzi chabe, sanatumidwe ndi mtundu wonse, ndipo mwamuika pa mbalambanda.

Kwa aphunzitsi, mfundo yomaliza ya Allport ija ndi yanu. Mwana akadzabwera kudzanena kuti akumutchula dzina lonyoza, pakhale pomveka kuti akanene kwa ndani ndipo chichitike n'chiyani sabata yomweyo. Ndipo nthabwala ija ya kalankhulidwe ka mwana kapena ya kwawo, imene kalasi yonse imaseka inu mukainena pabolodi, ana amaitenga ngati chilolezo, pofika pa buleki amakhala akuibwereza.