Chimanga chathu agule ndani, boma kapena venda?

[Chithunzi: sikelo yopachika pamtengo wa mango, matumba ali pansi]

Taonani sikelo iyi. Ndi mwezi wa Meyi, chimanga changochoka kumunda, ndipo venda wafika kale pamudzi ndi ndalama m'manja. Mayi amene wabweretsa chimanga chake pano akudziwa kuti mtengo ndi wozizira, koma mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, pakhomo palibe mchere ndi sopo yemwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agulitsa basi.

Nanga sikeloyi inafika bwanji pano?

Mu 1926, atsamunda anakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira fodya wa alimi akumudzi. Kuyambira pamenepo, boma lakhala likuima pakati pa mlimi ndi wogula. Mu 1971, nthawi ya Kamuzu Banda, kunabadwa ADMARC, bungwe la boma logula ndi kugulitsa mbewu, m'malo mwa Farmers Marketing Board. Misika yake inafika kumidzi yakutali kwambiri, ndipo mtengo unali umodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Akuluakulu athu amakumbukira nthawiyo mosilira, ndipo sakulakwa: pamsika umodzi ankagulitsa mtedza n'kugulanso feteleza ndi mbewu.

Koma pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri. ADMARC inkagula fodya, thonje ndi mtedza motchipa, n'kukagulitsa kunja pamtengo wabwino. Phindu lambiri silinkabwerera kwa amene anagwira khasu, linkapita kumaesiteti ndi kumakampani monga Press Holdings ya Kamuzu Banda. Ngakhale fodya wa bale, mlimi wamba sankaloledwa kulima mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Izi zimandiwawa ndithu, chifukwa thukuta la agogo athu ndi limene linamanga chuma cha ena.

[Chithunzi: shedi ya msika yotsekedwa, udzu wamera pakhomo]

M'zaka za m'ma 1980 chuma chinavuta. Bungwe lobwereketsa ndalama kumaiko la IMF ndi Banki Yaikulu pa Dziko Lonse anatikongoza ndalama, koma anati boma lichepetse dzanja lake pamsika. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, misika yambiri ya ADMARC n'kutsekedwa. Kumene kuli msewu wabwino ogula anachuluka. Kumene galimoto sifika, mlimi anatsala ndi wogula mmodzi, kapena wopanda wogula n'komwe.

Tsono boma linachokadi? Ayi. Njala ya 2002, imene inagwa chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, inasonyeza kuti chimanga ndi ndale. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi a feteleza, mu 2020 kunabwera AIP, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo chakudya chikachepa boma limaletsa kutumiza chimanga kunja. Mu 2022 linatseka ADMARC kwa kanthawi n'kuchotsa antchito ake, kenako linaitsegulanso.

Vuto ndi loti mtengo wolengezedwa pawailesi sugula thumba. Ndalama zogulira chimanga nthawi zambiri zimatuluka mochedwa, mavenda atasesa kale m'midzi.

[Chithunzi: mayi uja ali pamzere, thumba lopanda kanthu m'manja]

Uyu ndi mayi yemwe uja, mu Januwale. Nkhokwe yake yagona. Akugula chimanga, mwina chomwe chija analima yekha, pamtengo woposa umene anagulitsira.