Usanapite ku Jinja Loweruka, imva kaye izi

Mphwanga, uthenga wako ndauona, woti Loweruka mukuchoka ku Kampala ndi anzako kukakwera boti la mphira pa Nile ku Jinja. Ndangoti ndikujambulire mawu, kulemba kungandichedwetse. Umvetsere mpaka kumapeto, usadule pakati ngati mmene umachitira muja.

Mtsinje umenewo usauyese Bua wa kwathu, amene amadzaza mvula ikagwa basi. Kumtunda kwa pamene mukakwerere kuli madamu a magetsi. Pali Nalubaale, la mu 1954, pafupi ndi pomwe Nile amatulukira m'nyanja ya Victoria, kenako Bujagali, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012 n'kumiza mathithi amene anthu ankapalasapo kale. Kumunsi kulinso Isimba, la mu 2019. Ndiye madzi amene mukayendemo ndi amene atsegulidwa kudamu. Magetsi akamafunika ambiri, madzi amatsegulidwanso ambiri, mtsinje n'kukwera dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Mwala umene wauona poyera m'mawa, masana ukhoza kukhala utamira. Choncho zokhala pamwala pakati pa mtsinje n'kumajambulitsa zithunzi za pa Facebook, ayi. Komanso mathithi omwewo amasintha khalidwe madzi akakwera kapena akatsika. Woyendetsa boti akaima n'kutsika kukayang'ana kaye kutsogolo, usamuone ngati wamantha, akuwerenga madzi a tsikulo.

Mathithi amawapatsa magiredi, kuyambira 1 mpaka 6. Mathithi otchedwa Itanda ndi giredi 6, yoopsa kwambiri. Pamenepo mumatsika, boti n'kulidutsitsa pamtunda, n'kukakwereranso chakumunsi. Wina mwa anzakowo akayamba matama oti tingodutsa, musekeni.

Tsopano zovala. Jekete yoyandamitsa ija umange zingwe zake mpaka uzimva kuthina. Uuze mnzako akukoke m'mapewa. Ikakwera kufika m'makutu, ndiye kuti sinamangike, manganso. Chipewa cholimba chija lamba wake akhale pansi pa chibwano. Nkhafi ili ndi chogwirira kumapeto kwake, dzanja lako lisachokepo. Ine ulendo uja ndinabwerako mlomo utatupa, osati chifukwa cha mwala, koma mnzanga wa pambali anasiya chogwiriracho n'kundigogoda nacho.

Ukagwera m'madzi, ndipo ugwera ndithu, apa ndiye umvetsetse. Usayese kuimirira pamene madzi akuthamanga, ngakhale ukuona ngati ndi posaya. Phazi likakodwa pakati pa miyala, madzi amakukankha kumsana n'kukugoneka chafufumimba, ndipo jekete sithandiza pamenepo. Gona chagada, mapazi aloze kumene madzi akupita, zala za kumapazi zizioneka pamwamba. Mwala ukabwera, uukankhe ndi mapazi. Kupuma uzipuma pakati pa mafunde, funde likamakufika tseka pakamwa, tembenuzira nkhope kumbali.

Pali malo ena pansi pa mathithi pamene madzi amabwerera m'mbuyo n'kumakuzunguza ngati chovala chochapidwa. Ukalowa pamenepo usalimbane nawo, ungotha mphamvu. Dzipinde, maondo afike pachifuwa, madzi a pansi akutulutsa okha. Umaona ngati papita chaka, koma ndi masekondi chabe.

Boti likagudubuka iwe n'kupezeka pansi pake, usachite phuma. Mumakhala kamphako kokhala ndi mpweya. Puma kamodzi, kenako uziyenda ndi manja kulowera mbali imodzi yokha mpaka utuluke. Ukamasinthasintha mbali, uzingozungulira momwemo. Ukatuluka gwira chingwe cha m'mbali mwa boti.

Kumakhala anyamata a timabwato ting'onoting'ono ta kayaki amene ntchito yawo ndi kutola ogwa. Akakufika, gwira pamene akuuza, kutsogolo kapena kumbuyo, osamukumbatira munthuyo, mungagwe nonse. Akakuponyera chingwe, chigwire ndi manja, uchidutsitse paphewa uli chigonere chagada. Osachikulunga padzanja, osachimanga m'chiuno.

Mowa wa Lachisanu usiku uusiye, ndikukudziwa. Uwauze oyendetsawo za chifuwa chako cha mphumu musananyamuke, kamankhwala kopopera kaja uwapatse akusungire m'chikwama chosalowa madzi. Ukaona kuti mtima wakana, kumakhala boti lina lodzera njira zofatsa, ukwere limenelo, palibe amene adzakulembe m'nyuzi. Dzuwa la pamadzi limawotcha ngakhale ife akhungu lakuda, makamaka m'maondo, ndiye dzola mafuta oteteza. Ndipo poti m'madzi odikha a kumeneko mumapezeka likodzo, pakapita miyezi iwiri kapena itatu ukayezetse kuchipatala.

Amayi sindinawauze. Ukatuluka m'madzi undiimbire kaye ine, zithunzizo uwatumizire uli kale ku Kampala.