Timatumba ta m'matumbo akulu: nkhani yomwe inakambidwa pabwalo la mfumu ku Salima

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Mwamva kale za bambo athu aja amene anawatumiza ku Kamuzu Central sabata yatha, ndipo ena mukunong'onezana kuti anawadyetsa. Madokotala anapeza kuti thumbo lawo linali litabooka chifukwa cha matenda otchedwa diverticulitis.

Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 40, khoma la matumbo akulu limafooka pena ndi pena, ndipo pofookapo pamatuluka timatumba ting'onoting'ono ngati nsawawa. Ambiri amakhala nato osamva kanthu. Koma kathumba kamodzi kakatupa ndi kulowa tizilombo, ndiye diverticulitis ija, munthu amamva kupweteka kosalekeza m'munsi mwa mimba, kawirikawiri chakumanzere, thupi limatentha, ndipo ena amadzimbidwa, ena amatsegula m'mimba. Mukamva kupweteka kotere pamodzi ndi kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mu 1971, Denis Burkitt, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba ndi mnzake Neil Painter kuti matendawa anali osowa m'midzi ya mu Africa koma ochuluka kwa azungu, ndipo anati chifukwa chake n'chakuti makolo athu ankadya chakudya chosachotsa gaga. Lero ife tikunyoza mgaiwa kuti ndi wa amphawi, madeya tikupatsa nkhumba, ana tikuwazoloweza buledi ndi tchipisi, kenako timakhalitsa kuchimbudzi tikudzikakamiza. Kunenepa kwambiri, fodya ndi kungokhala osayendayenda zimawonjezeranso ngozi.

Ee, agogo, ndamva funso lanu loti kodi njere za magwafa zimayambitsa matendawa. Kale ngakhale madokotala ankaletsa odwalawa kudya mtedza ndi zipatso zanjere poganiza kuti njerezo zimakatsakamira m'timatumbamo, koma atafufuza anapeza kuti sizimene zimayambitsa matendawa. Idyani magwafa anu, agogo, bola akhale akupsa ndipo muzimwa madzi okwanira. Chimene ndimaopa ine ndi bulufeni ndi diclofenac amene mumagula pagolosale n'kumamwa ngati maswiti, chifukwa mankhwala amenewa amatha kuchititsa kuti thumbo lituluke magazi kapena libooke. Bambo aja anamwa bulufeni masiku anayi ali kunyumba, mimba mpaka kuuma gwa ngati thabwa. Ndikubwerezanso, kupweteka kumanzere ndi kutentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuno kunyanja magazi m'chimbudzi timangoti ndi likodzo kapena kamwazi, koma kwa munthu wachikulire akhoza kukhala timatumbati kapena khansa, choncho musadziyeze nokha.

Ndaona ena akuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Kuchipatala amakupimani pamimba, amayeza magazi ndi chimbudzi, amaunika mimba ndi makina, ndipo pakafunika CT scan (makina ojambula m'kati mwa thupi) kapena kapaipi ka kamera kolowetsa m'matumbo amakutumizani ku Lilongwe. Matenda akakhala ochepa mumapuma, mumamwa zamadzimadzi ndi phala lopepuka masiku ochepa, panado wa ululu, ndiponso maantibayotiki ngati dokotala walemba, omwe muyenera kumaliza onse. Mafinya akasonkhana kapena thumbo likabooka, amakugonekani ndipo mwina amachita opaleshoni. Mukachira bwererani pang'onopang'ono ku mgaiwa, nyemba, khobwe, bonongwe ndi mbatata. Amene ali ndi mafunso achinsinsi andipeze pansi pa mtengo wamango uwo tikabalalika.