Ndere M'kadziwe ka Pakhomo: Zimachokera Kuti, Tizithetse Bwanji?

[Kamera pa kadziwe kobiriwira, ku Senga Bay]

Taonani madziwa. Nsomba zili momwemo koma sizikuoneka. Kuno ku Salima, dzuwa la Okutobala likafika, kadziwe kamatha kubiriwira chonchi m'masiku ochepa.

Ndere zimafuna zinthu ziwiri: dzuwa ndi chakudya. Chakudyacho ndi madeya otsalira, ndowe za nsomba, masamba a mango owolera pansi, komanso feteleza wa pa kapinga amene mvula yakokolera m'madzi. Mukapungula madzi onse n'kukwecha simenti koma izi osazikonza, nderezo zibweranso posachedwa.

[Dzanja likupota ndere ndi kamtengo]

Ndere zokhala ngati ulusizi n'zosavuta kuchotsa. Lowetsani kansungwi, potani ngati mukukulunga thonje, kokani, mukazitaye ku kompositi. Musazisiye m'mphepete, zibwerera.

Zovuta ndi zosungunuka m'madzi. Yambani mwadziwa kukula kwa kadziwe: mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi, 0.5 kuya, ndiye malita 1,500. Pampu yanu izizunguza madzi onsewo pa ola limodzi kapena awiri. Sabata iliyonse chotsani malita 150 mpaka 300 okha, makamaka a pansi pomwe pali matope, muthirire ndiwo zamasamba. Madzi a pampopi obwezeretsa m'kadziwemo ayambe agona mu diramu maola 24 kuti klorini achoke. Siponji ya m'sefa itsukeni ndi madzi a m'kadziwe momwemo, chifukwa klorini amapha tizilombo tabwino timene timadya zonyansa.

Theka la madzi likhale pa mthunzi, kaya wa neti kaya wa maluwa a m'madzi a masamba otambalala. Koma namasupuni ayi, chonde! Tonse tikudziwa mmene anavutitsira mu Shire, ndipo nyanja tili nayo pafupi. Ngati mwadzala maluwa, ikani nsomba za makumba m'malo mwa chilunguni, pakuti chilunguni chimadya masamba.

Nsomba muzizipatsa chimene zingamalize pa mphindi 3.

[M'mamawa, nsomba zikuyasama pamwamba]

Mukaona chonchi, mpweya wachepa. Usiku ndere nazo zimapuma mpweya womwewo, ndipo madzi otentha sasunga wambiri. Pampu ya sola yopanda batire imaima pa nthawi yovutayi. Jik asayandikire n'komwe: amapha nsomba, ndipo ndere zikafera pamodzi zimawola n'kumaliza kampweya kotsalako. Tungani madzi ndi ndowa, muziwakhuthula kuchokera m'mwamba, ndipo tsikulo musadyetse nsomba.